Amayi a Limba ndi Abambo a Basi

Ndinafika ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kutsatira amuna anga amene anali atatsogola kudzachita maphunziro. Kwathu ku Ntcheu ndinali mphunzitsi wa pulayimale, koma kuno mapepala anga auphunzitsi sankanditsegulira khomo lililonse. Chilolezo chogwira ntchito chitatuluka, mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandilozera nyumba yosamalira okalamba imene inkafuna antchito. Ndinachita kosi yaifupi, ndinapatsidwa yunifomu, n'kuyamba shifiti ya m'mawa.

Nyumbayo sinali chipatala. Wokalamba aliyense anali ndi chipinda chake, kiyi wake, ndi mipando imene anabwera nayo kuchokera kunyumba kwake. Ife tinkangowathandiza zimene zinkawavuta: kusamba, kumanga mabatani, kuwakumbutsa mankhwala, ndi kuwaperekeza kokadya. Chakudya ankadyera pamodzi m'chipinda chachikulu cha matebulo ozungulira. Ndi m'chipinda chimenecho mmene munachitikira zonse zimene ndikufuna kunena.

Munthu woyamba kundikonda m'nyumbamo anali amayi ena aatali, a tsitsi loyera mbee, amene moyo wawo wonse ankaimba limba kutchalitchi ndi kuphunzitsa ana kuimba. Antchito tonse tinkawatchula kuti amayi a limba. Mutu wawo unkagwira bwino kuposa wa ena a ife. Mawondo okha ndi amene anawagonjetsa. M'mawa uliwonse ndinkapita kukawathandiza kuvala masokosi, ndipo iwo ankandikonza Chingerezi. Sankandikonza monyoza. Ankandiuza kuti ndibwereze mawu mpaka atamveka mmene anthu a kuno amawanenera, kenako ankaomba m'manja kamodzi ngati mwana wapambana mayeso. Atamva kuti ndimaimba mu kwaya, anandiuza kuti ndiwaimbire nyimbo ya kwathu. Ndinaimba ndime imodzi ya nyimbo ya m'buku, ndipo tsiku lomwelo masana anaipeza pa limba la m'chipinda chochezera, osaona pepala. Ndinaima pakhomo ndi mathaulo m'manja, misozi ili chuchuchu. Panali patapita miyezi yambiri ndisanamve chinthu cha kwathu chikutuluka m'manja mwa munthu wa kuno.

Choncho ndinkawakonda. Ndikunena zimenezi poyamba kuti zimene zikutsatira zimveke bwino.

Nyengo yozizira itayamba kunabwera abambo ena atsopano. Anali atagwira ntchito yoyendetsa basi ya mu mzinda mpaka kupuma, kenako anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linali lofooka, mwendo ankachita kuukoka, ndipo ankayenda ndi wokala, chitsulo chija cha miyendo inayi chimene munthu amatsamira. Mawu ankatuluka mochedwa kwambiri. Ukawafunsa ngati akufuna khofi, unkayenera kudikira, ndipo pa ntchito yathu kudikira kunali kovuta. Akamadya, msuzi unkatayikira kumbali kwa pakamwa. Ankadziwa zimenezo, ndiye ankagwira kansalu m'dzanja lamanzere n'kumadzipukuta nthawi zonse, ngakhale pamene panalibe chopukuta.

Mpando wopanda munthu unali pa tebulo la amayi a limba, ndiye nesi wamkulu anawaika pamenepo.

Zinayamba pang'onopang'ono. Abambo aja akakhala pansi, amayi a limba ankatembenuza mpando wawo kuti awafulatire. Kenako anayamba kulankhula mokweza kwa amayi awiri amene ankakhala nawo.

"Kodi munthu angadye bwanji akuona zimenezi?" ankatero. "Malo a anthu otere ndi kuchipatala, osati kuno."

Amayi awiri aja ankaseka, osati chifukwa choti zinali zoseketsa, koma chifukwa amayi a limba ndi amene ankasankha amene akhale pa tebulo la makhadi masana. Tsiku lina abambo aja anatambasula dzanja kuti atenge mchere, ndipo amayi a limba anawamenya pa zala ndi supuni, monga amachitira mwana wolakwitsa poimba. Sikunali kumenya kwamphamvu. Abambowo anabweza dzanja n'kuliika pa ntchafu, ndipo anadya chakudya chawo chopanda mchere.

Ndinaona zonsezi. Ndinali pomwepo ndi jagi ya madzi. Ndinadziuza kuti akuluakulu akakangana, mwana salowererapo. Ndi mmene ndinaleredwera, ndipo ngakhale ndinali mayi wa ana awiri, pamaso pa anthu a zaka zoposa makumi asanu ndi atatu ndinkadziona mwana. Ndinadziuzanso kuti ndine mlendo, mwina anthu a kuno amacheza choncho. Koma chifukwa chenicheni chinali choti amayiwo anali anzanga, ndipo sindinkafuna kutaya m'mawa uja wa masokosi ndi kuseka. Anzanga a pantchito nawonso ankaona. Mmodzi anangoti, "Amayi amenewo ndi a pakamwa, ingowazolowera." Pa kosi imene tinachita anatiphunzitsa kwambiri za wantchito wozunza wokalamba, ndi kumene tingakanene. Za wokalamba wozunza mnzake panalibe amene anatchulapo.

Tsiku limene zinafika poipa kunkazizira kwambiri, pa chakudya chamasana. Abambo a basi ankaimika wokala yawo pambali pa mpando, pamene dzanja lamanzere lingafike. Ndikutunga madzi pa tebulo lina ndinaona amayi a limba akuikankha ndi phazi, pang'onopang'ono, mpaka inakaima kumbuyo kwa mpando wa munthu wina. Ndinaganiza kuti ndiibweza ndikamaliza. Kenako belu linalira m'chipinda cha amayi ena amene anali atatsekeredwa m'bafa, ndipo ndinathamangira komweko. Nditabwerako anthu ambiri anali atatuluka. Abambo aja anali akadali pampando, mutu uli pansi, thalauza litanyowa, madzi atayenderera pansi pa tebulo. Anafuna kupita kuchimbudzi, anayesa kuitana, koma mawu sanatuluke msanga, ndipo wokala inali kutali.

Ndinawaphimba ndi thaulo n'kuwaperekeza kuchipinda. Ndikuwasintha zovala sanandiyang'ane. Nditamaliza anagwira mkono wanga, n'kulimbana ndi mawu kwa nthawi yaitali.

"Chakudya," anatero. "Muno."

Kuyambira tsiku limenelo ankadyera m'chipinda. Mbale zinkabwerera zitangolawidwa. Pa lipoti la tsikulo ndinalemba kuti abambowo anadzikodzera pa nthawi ya chakudya. Za phazi lija sindinalembe.

Patapita milungu ingapo mwana wawo wamwamuna anabwera kudzawaona, ndipo anapeza lamba wa bambo ake atabooledwa bowo latsopano chifukwa cha kuwonda. Anapita kwa nesi wamkulu. Sanakalipe, anangofunsa kuti bambo ake, munthu amene ankakonda anthu moti ankadziwa mayina a okwera basi yake, akudzitsekera bwanji m'chipinda. Nesi wamkulu anatiitana mmodzimmodzi. Ena ananena za mawu onyoza aja. Ine ndinati ndinamvapo zina ndi zina. Nesiyo sanandikakamize. Sabata yotsatira anandiuza kuti ku Indianapolis kukhala maphunziro a masiku awiri okhudza nkhanza za pakati pa okalamba okhaokha, ndipo akutumiza ine.

Unali mwezi wa Meyi. Inali nthawi yanga yoyamba kuyendetsa galimoto ndekha ulendo wautali chonchi. Ndinatsika ndi msewu wa 31, minda ili yolimidwa mbali zonse, dziko lili see ngati tebulo, n'kukaima pa maloboti onse a m'tauni ya Kokomo. Ndinakafikira kwa achemwali ena a kwathu amene ankakhala ku Speedway, dera la ku Indianapolis komweko. Sitinali pachibale, koma amuna awo ndi amuna anga anaphunzira sukulu imodzi ku Malawi. Achemwaliwo anali nesi pachipatala china chachikulu, ndipo anali atakhala kuno zaka zambiri. Nditafika masana, mawindo ankanjenjemera ndi phokoso la magalimoto a mpikisano amene ankayeserera pa bwalo lalikulu limene linali pafupi. Ana awo anandipatsa moni wa Chichewa bwinobwino, koma nditawafunsa za sukulu anandiyankha m'Chingerezi n'kuthawira panja.

Tikusenda mbatata kukhitchini ndinawafotokozera nkhani yonse, mpaka ya phazi, imene sindinauzeko ngakhale amuna anga.

"Ndiye munalipota?" anandifunsa.

"Ayi, achemwali."

"Ngakhale kudokyumenta pa tchati?"

"Ndinangolemba kuti anadzikodzera."

Anaika mpeni pansi. "Mukudziwa chimene nesi amaganiza akawerenga zimenezo? Amaganiza kuti chikhodzodzo chayamba kuvuta. Mwina anayamba kale kuwaveka matewera munthu woti alibe vuto."

Zinali zoona. Anali atayamba kuwaveka.

"Sindikukudzudzulani," anatero. "Nanenso ndinachitapo zotere chaka changa choyamba. Timabwera ndi ulemu wathu, ndipo ndi wabwino, n'chifukwa chake amatikonda pa ntchito zimenezi. Koma abambo awo nawonso ndi aakulu. Ulemu wawo unapita kuti?"

Maphunzirowo anachitikira mu holo ya tchalitchi china ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis. Tinalipo anthu ochokera m'nyumba zosiyanasiyana za okalamba, ambiri amayi. Wotiphunzitsa anali mayi wamfupi wonenepa, amene anagwirapo ntchito ngati yathu asanapite kukaphunzira za chisamaliro cha anthu. Ndinkayembekezera kuti tikhala tikulemba manotsi, koma atangomaliza malonje anatiuza kuti tikankhire matebulo kukhoma, tisiye limodzi pakati. Anapempha munthu mmodzi wodzipereka. Palibe anadzuka, ndiye analoza ine, mwina chifukwa ndinakhala kutsogolo monga mphunzitsi aliyense amachitira.

Anandikhazika pa tebulo, anamangirira dzanja langa lamanja ku mpando ndi sikafu, n'kundiuza kuti ndisanatulutse liwu lililonse ndiziwerenga chamumtima mpaka khumi. Anaika kapu ya madzi patali pang'ono. Anaitana amayi atatu kuti akhale nane, n'kuwanong'oneza zoti achite. Wachinayi anapatsidwa jagi, kuti akhale wantchito, ndipo anauzidwa kuti ali ndi matebulo ena asanu oti awasamalire.

Amayi atatu aja anayamba kucheza ngati ine palibe. Nditatambasula dzanja, mmodzi anasuntha kapu. Wina anati, "Mukumva kafungo?" Onse anaseka. Ndinayang'ana wa jagi uja kuti andithandize, ndinayamba kuwerenga, ndipo ndisanafike pa zisanu anali atadutsa. Ndinayesanso. Anandiyang'ana, maso athu anakumana, kenako anayang'ana kumbali. Ndinkadziwa kuti ndi sewero, kuti amayiwa tangodyera limodzi mabisiketi, koma thukuta linatuluka, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri sichinali kuseka kuja. Anali maso a wa jagi uja. Sewerolo silinathe ngakhale mphindi zisanu. Pondimasula ndinali ndikulira, ndipo amayi amene anasuntha kapu anandikumbatira n'kumapepesa.

Wotiphunzitsa anadikira kuti ndikhale pansi, kenako anafunsa gulu lonse kuti ndani anaonapo zotere kuntchito kwake n'kungodutsa. Ndinakweza dzanja ndikuyang'ana pansi. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti manja ambiri ali m'mwamba.

"Chabwino," anatero. "Simunabwere kudzaweruzidwa. Munadutsa chifukwa palibe anakuuzani choti munene. Inu shifiti ikatha mumapita kwanu. Munthu amene wakhala pampando uja kwawo ndi komweko, ndipo amene akumuzunza adzadya naye mawa, ndi mkuja."

Masiku awiri amenewo tinayeserera mobwerezabwereza, awiriawiri, mpaka mawu atazolowera pakamwa. Anatiphunzitsa kuti tisamakuwe kuchokera patali. Uzipita pafupi, uime pakati pa awiriwo, uyambe walankhula ndi amene wachitiridwa nkhanzayo, umufunse chimene akufuna, ndipo udikire yankho ngakhale lichedwe. Winayo osamuchititsa manyazi pagulu, koma osanamiziranso kuti sunaone. Umuuze mwachidule, ndi mawu otsika, kuti zimenezo muno sizichitika, kenako ukalankhule naye payekha. Ndipo polemba, ulembe zimene maso aona ndi mawu enieni amene anenedwa, osati maganizo ako. Anatiuzanso kuti wochita nkhanza nthawi zambiri amakhala ndi chake chimene chikumudya, kaya ululu, kaya mantha, kaya mutu wayamba kusokonezeka, ndipo nesi ayenera kufufuza. Koma anati kufufuzako kusachititse kuti winayo apitirize kuvutika podikira.

Poyeserera, ine ndinkangopezeka ndagwada pambali pa mpando ndisanayambe kulankhula. Sindinkachita dala, ndi mmene ndinkalankhulira ndi munthu wamkulu amene wakhala pansi. Mnzanga amene ndinkayeserera naye anaseka, koma wotiphunzitsa anaimitsa gulu lonse kuti lione.

"Taonani," anatero. "Maso ake ali m'munsi mwa maso a wokalambayo. Mawu ndi olimba, koma sakumuopseza. Amene mawondo akulola, chitani chomwecho."

Ndinabwerera ku South Bend ndi zimenezo mumtima. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu angathe kugwada n'kukaniza.

Lolemba m'mawa ndinapita kwa nesi wamkulu ndisanayambe ntchito, n'kumuuza za supuni ndi za phazi. Anandipatsa fomu. Ndinalemba zonse, ndi tsiku lake, ndiponso kuti ndinaona koma sindinanene. Anawerenga, n'kunena kuti zikanakhala bwino akanadziwa kale, koma sanawonjezere china. Tsiku lomwelo analamula kuti matewera aja asiyidwe. Kenako tinapita limodzi kuchipinda cha abambo a basi. Ndinagwada, n'kuwauza kuti ndinaona wokala yawo ikukankhidwa tsiku lija, kuti ndinalakwa kusaibweza pomwepo, ndipo ndikupepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakuona," anatero. "Unaona."

Sananene kuti andikhululukira. Nesi anawafunsa ngati angayesenso kukadya ndi anzawo, pa tebulo lina, la abambo awiri okonda kuonera mpira. Anakana. Tinawafunsanso mawa lake, ndi tsiku linalo. Sabata itatha anavomera, koma anati ndiziyenda pambali pawo polowa.

Njira yopita ku tebulo latsopanolo inkadutsa pafupi ndi amayi a limba. Tsiku loyamba anangoyang'ana. Tsiku lachitatu, abambo aja akudutsa pang'onopang'ono, amayiwo anakweza mawu.

"Abweranso? Ndimayesa anawapititsa kumene amayenera."

Ndinaima pakati pawo, n'kuyang'ana abambo aja.

"Abambo, tipitirire ku tebulo lanu, kapena mukufuna kupuma kaye?"

Ndinadikira. Chipinda chonse chinali zii. Anati, "Tipitirire." Ndinawakhazika, ndinaika wokala pamene dzanja lawo lingafike, ndipo ndinabwerera. Ndinagwada pambali pa amayi a limba, pafupi moti ena sakanamva.

"Amayi, ndamva zimene mwanena. Abambo awa kwawo ndi kuno, chimodzimodzi inu. Mawu otere muno sitinena. Ndibwera kuchipinda kwanu tikatha kudya."

Nkhope yawo inafiira mpaka m'khosi. Nditapita kuchipinda kwawo ndinawapeza atakhala pampando wawo wa pawindo, manja ali pa ndodo.

"Ndakuphunzitsa kulankhula ine," anatero, "ndiye lero ukundilankhula pamaso pa anthu?"

"Palibe amene wamva, amayi. Ndinaonetsetsa."

"Ndi iwe unakandinenera kwa nesi."

"Ndi ine. Ndinaona phazi lanu tsiku lija."

"Tuluka."

Anapempha kuti m'mawa azithandizidwa ndi wantchito wina, ndipo nesi anavomera, chifukwa unali ufulu wawo. Tikakumana m'khonde ankayang'ana khoma. Zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera. Kunyumba amuna anga anandifunsa chifukwa chake sindinkaimbanso potsuka mbale.

Nesi wamkulu anachita mbali yake. Anaitana dokotala kuti awaone amayiwo, ndipo anakhala pansi ndi mwana wawo wamkazi. Mwanayo ndi amene anatiuza kuti bambo ake, amuna a amayi a limba, nawonso anadwala sitiroko, ndipo amayiwo anawadyetsa ndi supuni zaka zingapo okha m'nyumba, osalola munthu aliyense wa kutchalitchi kuti alowe n'kuwaona ali choncho. Bamboyo atamwalira, amayiwo sanalire pamaliro, ndipo sanatchulenso za matendawo. Nditamva zimenezi ndinawamvera chisoni kwambiri. Koma ndinakumbukiranso thalauza lonyowa lija, ndipo zinthu ziwirizi zinakhala mumtima mwanga limodzi, china osachotsa chinzake.

Amayi a limba sanapepese kwa abambo aja. Anangosiya. Nesi anasinthanso matebulo kuti awiriwo asamayang'anizane, ndipo kawiri kapena katatu pamene lilime lawo linayambanso, pa anthu ena, wantchito amene anali pafupi ankapita n'kukaima pakati, chifukwa nesi anandipempha kuti ndiwaonetse anzanga zimene ndinaphunzira. Tinkayeserera m'chipinda chathu chopumira, ndi sikafu yanga. Abambo a basi anayambanso kudya. Anzawo awiri a pa tebulo sankasamala za msuzi wotayika, ndipo popeza mmodzi anali wogontha pang'ono ndipo winayo wosalankhula kwambiri, kuchedwa kwa mawu sikunkavuta munthu.

Chilimwe chikutha, wantchito amene ankathandiza amayi a limba anadwala, ndipo ine ndinatumizidwa. Ndinagogoda ndili ndi mantha. Ananditambasulira phazi osalankhula. Ndikuwaveka sokosi yachiwiri ndinawauza kuti kunja kukuoneka kuti kugwa mvula, ndipo anandikonza katchulidwe ka liwu limodzi, mouma, akuyang'ana pawindo. Ndinalibwereza. Anati, "Bwinoko." Ubwenzi wathu sunabwerere pamene unali, koma kuyambira tsiku limenelo ankandilola kulowa.

Amuna anga atamaliza maphunziro anapeza ntchito ku Indianapolis, ndipo tinasamukira ku Lawrence, dera la chakomweko. Ndinayamba ntchito m'nyumba ina ya okalamba pafupi ndi pamene panali kampu ya asilikali kale. Oyang'anira atamva kuti ndinali mphunzitsi ndiponso kuti ndinachitako maphunziro aja, anandipatsa udindo wophunzitsa antchito atsopano. Choncho ndinabwerera kutsogolo kwa kalasi mwa njira imene sindinaiganizirepo. Ambiri mwa ophunzira anga anali ochokera kunja ngati ine, ena a ku West Africa, ena a ku Mexico, ndipo apo ndi apo wa kwathu. Nkhani ya amayi a limba ndi abambo a basi ndinkainena kwa gulu lililonse, osatchula mayina, ndipo sindinkabisa mbali yanga. Ndinaona kuti ndikanena kuti ine ndinaona n'kudutsa, anthu ankamasuka n'kuyamba kunena zawo.

Sindinganene kuti ndinkakhala ndi yankho nthawi zonse. Tsiku lina kalasi itatha, mayi wina wa ku Mulanje, amene anali atangoyamba kumene ntchito, anatsalira ndikupinda mipando.

"Anti, ndifunseko," anatero. "Ku wing'i yathu, mbali ya nyumba imene ndimagwirako, kuli azibambo awiri amene amatukwanana tsiku lililonse chifukwa cha rimoti ya tivi. Dzulo wina anamutcha mnzake chitsiru. Ndinafuna kuwasepaleta, koma masana ndinawapeza akusewera makhadi limodzi akuseka. Ndiye ndilipote kapena ndiwasiye?"

"Pali amene amaoneka kuti akuopa mnzake?"

"Sindikudziwa. Wotchedwa chitsiru uja amangoseka. Koma nthawi zina kusekako sikundimvekera bwino."

"Amene amagonja ndi mmodzi yemweyo masiku onse?"

Anaganiza kaye. "Mwina. Sindinayang'anitsitse."

Ndinamuuza kuti inenso sindingadziwe ndili muno, ndipo alembe zimene anamva dzulo monga mmene zinanenedwera. Mawa lake ndinapita ku wing'i yawo nthawi ya pulogalamu imene azibambowo ankakanganirana. Tinatenga dengu la mathaulo ochapa, tinakhala pa sofa ya kumbuyo, n'kumapinda pang'onopang'ono tikuwayang'ana. Tinachita zimenezo masiku atatu. Tsiku lachitatu mayi uja anakagogoda kuchipinda cha abambo amene ankangosekawo, n'kuwafunsa paokha ngati zimene mnzawo amanena zimawapweteka. Anayankha kuti za rimoti alibe nazo ntchito, amachita dala kuti mnzawoyo akwiye, koma liwu lakuti chitsiru salifuna, chifukwa ndi limene bambo awo ankawaitanira ali mwana. Mayi uja anakalankhula ndi abambo enawo, ndipo abambowo anadabwa kwambiri kumva zimenezo. Za rimoti anapitiriza kukangana mpaka pamene ine ndinachoka pa ntchitoyo, koma liwu lija sitinalimvenso.